Masiku Atatu m'Chimbudzi ndi Mkamwini Wanga

Inu ana a Misozi, za ubwana wanga musandifunse m'buku lino. Nkhuni zimene ndinatola ndi mitsuko imene ndinaswa sizisiyana ndi za mtsikana wina aliyense wa kuno ku Pembamoyo. Ndiyambira pa ntchito, ndipo ndithera pa masiku atatu amene atate anu sadzakuuzani ngakhale muwanyengerere chotani.

Chaka choyamba, ku boma

Ndinatsika lole ku boma la Chadiza ndili ndi sutikesi yachitsulo, satifiketi ya uphunzitsi, ndi dikishonale ya Chifalansa ndi Chingerezi imene anandipatsa mphunzitsi wathu wa ku koleji, bambo wina wa ku Congo. Matama ndinali nawo osati masewera. M'mudzi mwathu munalibe mkazi amene anapitirira giledi seveni, ndiye ine ndabwera ndi chilankhulo chimene ngakhale abusa sachimva. A hedi a pa sekondale imene ananditumiza, a Sakala, anawerenga kalata yanga kawiri, kenako anavula magalasi.

"Chifalansa?" anatero. "Mayi, kuno malire athu ndi Mozambique ndi Malawi. Mukanabwera ndi Chipwitikizi bwenzi tikukutumani kokagula mbuzi. Ana awa Chifalansa akalankhula ndi yani?"

"Adzalankhula ndi dziko, a hedi," ndinayankha. Lero ndikakumbukira yankho limenelo ndimadziseka ndekha.

A Sakala sanali munthu woipa. Anandipatsa mapiriyodi a masana, pamene ana amakhala atalefuka ndi dzuwa ndi njala, koma anandipatsanso kabati yokiya yosungiramo buku langa. Mabuku a ana kunalibe ngakhale limodzi. Choko tinkachita kudulirana, ndipo chikatha tinkalemba ndi chinangwa chouma. Zonse zimene ana anaphunzira zinachoka m'mutu mwanga ndi m'dikishonale imodziyo, imene chiswe chinailowerera m'kabati momwemo n'kudya chikuto ndi masamba akumapeto. Ana ananditcha Madamu Bonzu, ndipo dzinalo linandimata moti ngakhale pamsika ankandiitana choncho. Sindinkakwiya nazo. Chimene chinkandizizwitsa, ndipo chimandizizwitsabe, n'chakuti kutsidya kwa nyanja kuli anthu amene sanaonepo Chadiza, koma ali nalo dzina la chilichonse chimene ife tili nacho: njala, mvula, manyazi, ngakhale apongozi. Ndinkatsegula tsamba lililonse n'kumangopukusa mutu. Pamenepo ndi pamene ndinatengera matenda anga, okhulupirira kuti palibe chinthu pansi pano chimene sindingachimasulire, bola dikishonale ili pafupi.

Zaka za ku Mlolo

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi Chifalansa anachichotsa pa ndandanda ya maphunziro, poti olemba mayeso ake ankachepa chaka ndi chaka. Ine ananditumiza ku Mlolo kukaphunzitsa Chingerezi ndi kusoka. Ndinalira njira yonse. Nyumba imene ndinapeza inali yodontha, minibasi inkabwera ikafuna, ndipo malipiro tinkakatenga ku boma pa njinga. A hedi a kumeneko, a Mvula, anali munthu wanthabwala, woti ngakhale pamaliro umaopa kukhala naye pafupi. Atandiona ndikuyanika dikishonale yanga padzuwa anati, "Sungani bukulo, Madamu. Tsiku lina ndege ya Afalansa idzagwa m'dambomu, ndiye tidzakusowani." Ndinaliika pansi pa sutikesi pamodzi ndi masamba a fodya oingitsira chiswe. Kuti lilime lisaume, nkhuku zanga ndinkaziwerenga m'Chifalansa madzulo aliwonse zikamalowa m'khola.

Ku Mlolo ndi kumene ndinaphunzira mtengo wake wa madzi. Mwezi wa Okutobala chitsime cha m'dambo chinkatsala matope okhaokha. Unkakhala pansi ndi chikho m'manja, kudikira kuti madzi asonkhane, kutunga, kudikiranso, mpaka ndowa idzaze dzuwa lili pamutu. Madzi osambitsira mwana ndi omwewo ochapira matewera, ndi omwewonso othirira mpiru kuseri kwa nyumba. Kumeneko ndi kumene agogo anu aamuna, a Mwale, anatisiya, ndipo kumeneko ndi kumene mayi anu Misozi anakulira. Atate anu, a Yotamu Mbewe, anabwera kudzakonza mjigo wa pasukulu atangomaliza kuphunzira upulambala ku Chipata. Mjigo anakonza tsiku limodzi, koma anapezabe zifukwa zobwerera mpaka ankhoswe anakumana.

Zaka zanga zomaliza boma linandimvera chisoni n'kundibweza kwathu ku Pembamoyo. Atate anu anamanga nyumba m'mudzi mwathu muno, kuseri kwa nkhokwe, monga mkamwini. Apa mumvetse bwino, chifukwa inu a masiku ano mumakhala pa sofa imodzi ndi apongozi n'kumaonera mpira. Ife sitinaleredwe choncho, ngakhale tinali a mpingo kuyambira pa agogo athu. Ine ndi atate anu sitinkakhala pa mphasa imodzi. Sankadya ine ndikuona, ngakhalenso ine sindinkadya iwo akuona. Moni tinkapatsana chapatali, maso ali kumbali, ndipo nkhani iliyonse, kaya ya mbewu kaya ya matenda, inkadzera mwa Misozi. Sikunali kudana ayi. Unali ulemu, ndipo ine ndinkaunyadira. Zaka khumi ndi ziwiri zinatha ndisanayang'anitsitsepo nkhope ya bambo wa adzukulu anga.

Chaka chomaliza, mu Ogasiti

Pa kachipatala kathu anali atamanga chidikiro, nyumba imene amayi oyembekezera ochokera kutali amagonamo podikira tsiku lawo. Anthu a mpingo wina wa ku France anatumiza thandizo: pampu ya sola, thanki, zimbudzi zamadzi zinayi zatsopano, ndi zipangizo zokonzera zimbudzi ziwiri zakale za mu wodi, zimene zinakhala zokhoma kwa zaka chifukwa zinkamwa madzi kuposa ng'ombe. Komiti ya chipatala inapereka ntchitoyo kwa atate anu. Vuto linali limodzi, mapepala onse a m'mabokosi anali m'Chifalansa.

Namwino wamkulu, Sista Zulu, anandipeza kusukulu pa nthawi ya buleki. Anali mkazi wa m'tauni, wosazungulira polankhula.

"Amai Mwale, namva kuti ndinu nokha odziwa Chifalansa dera lonse lino. Manje mapepala awa tiwafuna m'Chingerezi, kuti pulambala awerenge. Komanso kuli zipatala zina zalandira mabokosi omwewa, onse ayembekezera pepala lathu. Mungakwanitse?"

"Kukwanitsa n'chiyani, Sista? Siyani pompo."

Ndege ya a Mvula inali itagwa ndithu. Ndinafika kunyumba ndikuyenda ngati mtsikana, ndinakutumula fodya m'dikishonale, ndipo kwa milungu iwiri ndikangoweruka ndinkakhala pa tebulo mpaka dzuwa kulowa. Masamba awiri oyamba anayenda bwino: apa mangani, apa pimani, apa musamangitse. Tsamba lachitatu ndi limene linandigwiritsa njakata. Linali la zipangizo zopulumutsira madzi, ndipo zinalipo zitatu. Mawu aliwonse paokha ndinkawapeza m'buku, koma ndikawalumikiza sankabala kanthu. Choyamba ankachitcha "robinet flotteur à ouverture différée". Ndinalondola liwu ndi liwu, ndipo chimene chinatuluka m'Chingerezi chinali ngati kunena kuti mpope woyandama wotseguka mochedwa. Mpope umayandama pati? Ndinalemba momwemo. Chachiwiri chinali "plaquettes", buku linati timbale tating'ono, ndipo chiganizo chofotokoza poika timbaleto chinali ndi mawu awiri amene dikishonale yanga yakaleyo inalibe, ndiye ndinachifupikitsa mpaka chinatsala fupa. Chachitatu, "double commande", ndinachimva bwinobwino. Anali mabatani awiri ogejemulira, ndipo Afalansa, anthu opanda manyazi, analemba poyera kuti ili ndi la chiyani, ilo ndi la chiyani. Ndinagwira cholembera, ndinakumbukira amene akawerenge pepalalo, ndiponso kuti akazindikira kalembedwe kanga. Ndinalemba kuti munthu adine batani loyenera, basi.

Mabokosiwo anali m'sitolo ya chipatala, ulendo wa mphindi makumi awiri kuchokera pakhomo panga. Sindinapiteko kukaona ngakhale chipangizo chimodzi, chifukwa m'sitolomo ndi mmene mkamwini wanga ankagwirira ntchito. Pepala ndinapatsa Misozi. Patapita masiku awiri anabwera ndikusenda mtedza pakhonde.

"Amama, akamwini anu, atate a Dalitso, akuti tsamba lachitatu likuwavuta pang'ono."

"Uwauze awerenge mofatsa. Zonse zili momwemo."

Ndinayankha ngakhale osadzutsa mutu. Amati safunsa anadya phula, koma atate anu anafunsa. Ndine ndinawabweza, ndipo mkamwini safunsa apongozi kawiri.

Chaka chomwecho, mu Okutobala

Zimbudzi anazitsegulira ndi nthungululu. Amayi ena anali asanaonepo madzi akuthamanga okha m'mbale yoyera chotero, ndipo ankaitanizana kudzaonerera. Pa tsiku lachinayi thanki inauma. Pampu inadzazanso pang'onopang'ono, poti m'chilimwe madzi amakhala atatsika pansi, ndipo inaumanso. Thanki yake inali yomweyo yopereka madzi ku chipinda chochiriramo. Mmawa wina mayi wina atayamba kumva ululu, Sista anatsegula mpope n'kumva mpweya wokha. Odikirira odwala anathamanga ndi ndowa ku mjigo wa kusukulu. Mayi ndi mwana anapulumuka, koma tsiku lomwelo Sista anakhoma zimbudzi zonse zisanu ndi chimodzi, ndipo amayi a mimba zawo anabwerera ku chimbudzi chokumba cha kuseri kwa mpanda. A Tembo, wapampando wa komiti, anaitanitsa msonkhano wa Lachisanu. Mphekesera zinafika kale m'mudzi kuti pulambala wa a Mwale ntchito saidziwa, aitana wina wa ku Chipata, ndipo alembera zipatala zinazo kuti zisamuyandikire. Munthu wa ntchito ya manja alibe satifiketi ina koma dzina lake, ndipo dzina la atate anu linali litatsala masiku atatu.

Lachitatu Misozi anabwera maso ali ofiira.

"Sakudya, amama. Angokhala kuseri kwa nyumba."

"Nanga analakwitsa pati?"

"Akuti kachipangizo kolowetsa madzi kaja atakayesa kankachedwa kutsegula, ndiye anati n'kakufa, anaika mipira yoyandama yakale imene anazolowera. Batani laling'ono linkatulutsa madzi ochepa, anati lalakwika ku fakitale, analikonza kuti onse awiri azitulutsa odzaza. Timbale tija anasiya m'sitolo, poti pepala silinena poika."

"Ndiye bwanji osakanena ku komiti kuti pepala silikumveka?"

Mwana wanga anapukuta maso. "Akanene pagulu kuti Chingerezi cha apongozi awo n'chosamveka? Akuti bola awachotse."

Munthu anali wokonzeka kutaya ntchito ya moyo wake wonse kuti Madamu Bonzu asachite manyazi. Ndinadziwa pomwepo kuti kulembanso pepala pa tebulo sikungathandize, chifukwa zinthuzo sindinkazidziwa. Zinkafunika kuziona, zili m'madzi, pamodzi ndi munthu wozidziwa ndi manja. Ndinapita kwa akulu anga, a Tikambenji, amene ndiwo ankasunga mwambo pa banja lathu, ndipo ndinawauza zimene ndinkaganiza.

"Iwe wazungulira mutu?" anatero. "Mkazi wa chigwirizano, imvi mbuu, ukalowe m'chimbudzi ndi mkamwini? Kachipinda koti anthu awiri sangapatukirane? Lemba kalata, Misozi akapereke."

"Kalata ndi imene yatifikitsa pano, akulu."

"Ulemu ndi mphika, mng'ono wanga. Ukasweka suwumbikanso. Mwana ameneyu wakuopa zaka zonsezi. Akakuzolowera, usadzabwere kuno kudzalira."

Sindinama, ndinachita mantha. Sindinkaopa pakamwa pa anthu pokha ayi. Ndinkaopa kuti akulu anga akunena zoona, kuti ndikapulumutsa dzina la atate anu n'kutaya chinthu chimene ine ndi iwo tinachisunga bwino kwa zaka khumi ndi ziwiri. Ndinkaopanso kuimirira pamaso pa anthu amene ndinawaphunzitsa ana awo n'kuvomera kuti chinthu chimodzi chokha chimene ndinkadziwika nacho chandilaka. Lachinayi lonse ndinaphunzitsa ngati munthu wodwala malungo. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'mimba munkapota mwa ine.

Msonkhano unali pakhonde la chipatala. Kunkatentha, ndipo a Tembo ankadzikupiza ndi kapulasitiki kabuluu kopindika, kamene pambuyo pake ndinadziwa kuti ndi kamodzi ka timbale tanga tija. Atate anu anakhala kumapeto kwa benchi, chipewa pabondo, mutu pansi. Atafunsidwa ngati ali ndi mawu, anati, "Ndilibe, a tcheyamani. Ntchito inali m'manja mwanga." Pamenepo ndinaimirira.

"A tcheyamani, pulambala wanu sanalakwe. Anatsata pepala, ndipo pepalalo ndinalemba ine. Ndinamasulira zinthu zimene sindinazione ndi maso, pena ndinadumpha, pena ndinabisa mawu chifukwa cha manyazi. Atafunsa ndinawabweza. Tipatseni makiyi ndi masiku atatu, ine ndi iwo."

A Tembo analeka kudzikupiza. "Mayi Mwale, mwaiwala kuti awa ndi akamwini anu?"

"Sindinaiwale. N'chifukwa chake thanki yauma."

Sista Zulu sanadikire kuti komiti ivote. Anatulutsa makiyi m'thumba la yunifomu n'kuwaika m'manja mwanga.

Masiku atatu

Loweruka mmawa tinayamba moseketsa. Ine ndinaima pakhomo ndi dikishonale ndi pepala la Chifalansa, atate anu ali mkati, ndipo aliyense ankalankhula ndi khoma. Ola lathunthu linatha choncho. Kenako anatsokomola.

"Amayi, mukhululuke. Izi sizioneka muli pakhomo."

Ndinalowa. Kachipindako kanali kopapatiza moti chitenje changa chinkakhudza bokosi lawo la zitsulo. Anali atachotsa chivundikiro cha kathanki ka kumbuyo, atabwezeramo kachipangizo kaja anakayesa kakufa. Anandipempha kuti ndiwerenge Chifalansacho pang'onopang'ono, ndipo liwu lililonse ndilifotokoze palokha m'Chichewa, osalumikiza. Nditafika pa liwu lomaliza, "différée", ndinati ndi chinthu chimene achiimika kaye kuti chichitike pambuyo pake. Anathira madzi a m'ndowa mpaka kathanki kudzaza, anadina batani, n'kunena kuti, "Yang'anani apa, amayi, osati pansi."

Ndinayang'ana pamene chala chawo chinaloza. Kampira koyandama, kamene kamatsegula ndi kutseka madzi, kanali m'kati mwa kakapu. Madzi onse a m'thanki anatsika n'kupita, koma a m'kakapumo anatsala, akudontha pa kabowo konga ka singano. Kampira kanakhalabe m'mwamba, mpope uli chitsekere. Pamene kakapu kanatha, n'kuti pansi patatsekeka kale, ndipo apo m'pamene madzi atsopano anayamba kulowa. Palibe dontho latsopano limene linathawa pamodzi ndi akale. Atate anu anaseka, ndipo aka kanali koyamba kumva kuseka kwawo pafupi.

"Sikakufa, amayi. Kamadikira."

Ndinati abwerezenso, anabwereza, ndinati kachitatu. Ndinkaganiza za munthu amene anapanga kanthu kameneka. Kwawo mitsinje siuma, madzi amatuluka m'khoma usana ndi usiku, koma iye anakhala pansi n'kudera nkhawa kapu imodzi ya madzi imene imapita pachabe munthu akagejemula, mpaka anaiboolera kabowo. Ine amene ndinakhalapo pa chitsime cha ku Mlolo ndi chikho m'manja ndinamumva munthu ameneyo ngati mbale wanga. Ndinagoma, ndipo ndinaiwala kuti ndaima phewa ndi phewa ndi mkamwini. Dzina la Chingerezi linachoka kwa iwo. Anati ku Chipata chipangizo cha mtundu umenewo ankachitcha "float valve", ine ndinawonjezapo liwu la kudikira, ndipo tinalemba "delayed float valve". Mawu atatu okha, koma anatidyera mmawa wonse, ndipo anali oyamba pa tsamba limenelo amene ndinawalemba ndikudziwa chimene ndikunena.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi tinatenga timbale, kuphatikizapo ka a Tembo. Nditawerenganso mofatsa, chinthucho chili m'manja, mawu awiri amene buku linalibe anadziulula okha: timbaleto sitinali ta zimbudzi zatsopano ayi, tinali ta ziwiri zakale zija za mathanki akuluakulu. Atate anu anapinda kamodzi, anakalowetsa m'thanki choimika, ndipo kanadzikanikiza kokha ku makoma. Anaika kena mbali inayo. Atagejemula, madzi a pakati anapita, koma a kuseri kwa timbale anatsala ali phee.

"Ili ndi damu," anatero. "Ngati mmene timatchingira madzi kudimba."

Tinalemba "cistern dam". Tinapima ndi botolo madzi otsalawo, tinayang'anana, tonse n'kupukusa mitu. Tsiku limenelo ndi limene ndinaona bwino manja a atate anu. Nati ya pa paipi amaimva ndi zala osayang'ana, ndipo amadziwa polekezera kumanga pulasitiki isanang'aluke. Akafuna kudziwa ngati paipi ikudontha mkati mwa khoma, amagunditsa sikuludiraiva pa paipi, chogwirira chake n'kuika kukhutu, maso atatseka. Ine ndinali ndi mawu opanda zinthu, iwo anali ndi zinthu zopanda mawu, ndipo palibe amene ankapikisana ndi mnzake. Zaka zoposa makumi atatu ndinagwira ntchito popanda munthu wofunsana naye za Chifalansa, ndiye mnzanga wa ntchito ndinadzamupeza m'chimbudzi, mwezi umodzi ndisanapume.

Lolemba anatsala mabatani. Ndinali nditawasiyira kumapeto dala, ndipo iwonso ankadziwa. Ndinakweza pepala mpaka linandibisa nkhope.

"Laling'ono ndi la mkodzo, malita atatu. Lalikulu ndi la chimbudzi, malita asanu ndi limodzi."

Makutu anga ankatentha ngati ndawaika pamoto. Atate anu anangoti, "Zikomo, amayi," monga ndawauza kuti kunja kwacha, n'kutenga sipanala kuyamba kumasula zimene anamanga. Tinalemba "half flush" ndi "full flush". Madzulo ake ndinalembanso mawu omwewo m'Chichewa pa makatoni, ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo Sista anakhoma pa chitseko chilichonse. Mawu amene ndinalephera kuwalembera munthu mmodzi, tsopano ankawawerenga dera lonse.

Mu Novembala

Sista Zulu analemba mzere wa choko pa thanki, ndipo mmawa uliwonse ankagogoda ndi kiyi kuti amve pamene madzi alekezera. Sabata inatha, yachiwiri inatha, mvula isanagwe ngakhale dontho, koma thanki sinaume. Zimbudzi zonse zisanu ndi chimodzi zinali zotsegula, ndipo mpope wa m'chipinda chochiriramo unkatuluka madzi. Za pulambala wa ku Chipata palibe anazitchulanso. Pepala lathu analitaipa ku boma n'kulitumiza ku zipatala zina zija, ndipo pansi pake ndinalembetsa mayina awiri, la a Mbewe poyamba, langa pambuyo. Zipatalazo zinaitana atate anu omwe kuti akamange. Akulu anga sanaponde pakhomo panga mpaka chimanga chinafika m'mawondo, ndipo kuchigwirizano ndikalowa nkhani inkaduka. Zimenezo ndinazipirira mosavuta.

Tsiku limene kope lotaipa linafika, ndinalitenga kusukulu ndikuthamangira kunyumba kuti ndikawaonetse. M'mutu mwanga munali kale mafunso ena awiri okhudza pampu. Pa kanjira kodutsa m'munda wa mtedza ndinawaona akubwera, njinga akukankha, bokosi la zitsulo pa kaliyala. Ndinakweza pepala m'mwamba, pakamwa nditatsegula kale. Iwo atandiona anaimika njinga, anapatuka kulowa m'mizere, ananjuta, n'kuwomba m'manja maso ali kumbali.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Ndinaima pakati pa njira ndi pepala langa. Kenako ndinalipinda, ndinapatukira mbali inayo, nanenso ndinanjuta.

"Ndaswera bwino, apongozi, kaya inu."

Pepala ndinapatsa Misozi. Ulemu umene ndinkaopa kuti ndauswa anandibwezera wathunthu, wopanda mng'alu, ndipo ndinanyadira kuti mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wotere. Koma nditafika m'nyumba ndinakhala pa bedi n'kulira, chifukwa mnzanga wa ntchito anali atapita. Papita zaka zisanu ndi zinayi tsopano, tikukhala mabwalo oyandikana, ndipo sitinayang'anenso m'maso. Inu amene mumaloledwa kukhala nawo pafupi, mukawaona ali pa ntchito muziwayang'ana manja m'malo mwanga.